Nkhope ya Alice pa Chitseko

Alice ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Chintheche. Ntchito zake zinali zambiri.

M'mawa ankatunga madzi kunyanja. Akatula mtsuko, ankasesa pabwalo. Akasesa, ankakavuula chinangwa pachithaphwi. Chinangwa choviika chimanunkha. Manja a Alice ankanunkhanso. Kenako ankayanika chinangwacho pathandala. Kenako ankapirikitsa mbuzi. Mbuzi zikabwerera, ankazipirikitsanso.

Zonsezi ankachita ali ndi Jobe kumsana. Jobe anali mlongo wake wakhanda. Anali khanda, koma ankalemera ngati mtondo.

Ntchito yomaliza ndiyo ankaikonda. Ankatola zibenthu za nkhuni patsinde pa mtengo wa mango. Pamenepo ndi pamene bambo ake ankasemera.

Alice ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake aseme nkhope yake.

Bambo ake anali a Jonas Manda. Anali mmisiri wosema. Dzina lawo linkamveka ku Kande. Linkamveka ku Mpamba. Linkamveka mpaka ku Usisya, kumene anthu amafika pa bwato.

A Jonas ankasema mipando, nkhafi ndi ndodo. Pa ndodo ankasema nkhwazi. Pa mpando ankasema ng'ona. Koma chimene ankakonda ndi kusema anthu.

Kasemedwe kawo kanali kodziwika. Anthu awo ankakhala ndi timitu tating'ono. Manja ankakhala aakulu. Mapazi aakulunso. Koma ukayang'ana kamutuko, unkadziwa mwini wake.

"Ada, bwanji manja aakulu chonchi?" anafunsa Alice.

"Munthu ndi manja," anayankha a Jonas. "Mutu ndi posenzera mtsuko basi."

M'mudzimo munali mmisiri winanso. Anali a Maxwell, amalume ake a Alice. Iwowa anali omanga. Ankakonda zinthu zowongoka. Kulikonse ankayenda ndi chingwe choyezera.

Chaka chimenecho a Maxwell anamanga tchalitchi cha njerwa zootcha. Makoma anali njoo. Mazenera anali opindika pamwamba ngati uta. Anthu ankachoka kutali kudzaona.

Amisiri awiriwa ankakonda kunyogodolana.

"Alamu, anthu anu ali ndi mapazi ngati nkhafi," ankatero a Maxwell.

"Alamu, khoma lanu lili ngati munthu womeza musi," ankatero a Jonas.

Akatero ankaseka, n'kudyera mbale imodzi.

Tchalitchi chinatha. Koma chinalibe chitseko.

Akulu a mpingo anabwera kwa a Jonas. Wowatsogolera anali a Longwe.

"A Manda, mutikonzere chitseko," anatero a Longwe. "Mukatha, ife tidzakukokerani bwato lanu."

A Jonas anavomera msanga. Bwato lawo lakale linali litang'ambika. Anali atagwetsa kale mtengo wa mbawa kuphiri. Anali ataugoba kale m'kati kuti ukhale bwato. Koma bwato silitsika phiri ndi munthu mmodzi. Limafuna amuna a mudzi wonse. Limafuna zingwe ndi nyimbo.

Amayi a Alice anamva zonse ali pamtondo. Dzina lawo linali a Florence. A Jonas ankawaitana kuti NyaMhone.

"Chitseko ndi thabwa lotsekera," anatero a Florence. "Palani, perekani, atikokere bwato. Ana akufuna ndiwo."

"Ndamva, NyaMhone," anatero a Jonas.

Anamva, koma anatenga tchizulo.

Chitsekocho chinali cha mlombwa. Chinali chachitali. Chinali chofiira ngati dothi la kumunda.

Kho, kho, kho. A Jonas anayambira pamwamba. Anasema amuna amene anapita ku Joni kukagwira ntchito. Aliyense anali ndi sutikesi pamutu.

"Ada, ine ndili pati?" anafunsa Alice.

"Dikira. Mtengo sunakutulutse."

Kho, kho, kho. Anasema asodzi akukoka khoka. Anasema nsomba zikudumpha.

"Ada, ine ndili pati?"

"Dikira. Mtengo sunakutulutse."

Kho, kho, kho. Anasema amayi akusinja. Anasema amayi akusenza chinangwa.

Mwezi unatha. Wina unathanso. Mango anachita maluwa. Alice ankangotola zibenthu.

Tsiku lina a Jonas anamuitana.

"Khala apo. Usagwedezeke."

Alice anakhala. Jobe anamukoka tsitsi. Ntchentche inamutera pamphuno. Iye sanagwedezeke.

Kho, kho, kho. Pansi penipeni pa chitseko panatuluka kamtsikana. Kanali ndi mwana kumsana. Kanali ndi manja aakulu.

Alice anakakhudza ndi chala.

"Ada, mphuno yanga ndi yotereyi?"

"Ndi ya amayi ako. Ukadandaule kwa iwowo."

Alice anaseka. Tsiku limenelo mbuzi zinadya chinangwa, iye osaona.

Amuna anayi ananyamula chitseko. Anachitsamiritsa pakhoma la tchalitchi. Mudzi wonse unabwera.

"Uyo ndi iwe, taona mimbayo," anatero msodzi wina.

"Iwe uli apa. Ngakhale pa thabwa sukukoka, ukungogwira chingwe," anayankha mnzake.

Anthu anaseka. A Longwe anamwetulira. Anasisita nsomba imodzi ndi dzanja.

Kenako kunabwera a Eunice. Amuna awo, a Amon, anapita ku Joni kalekale. Pochoka anasiya mwana ali m'manja. Mwanayo tsopano ankaweta mbuzi. A Amon sanabwerenso.

A Eunice anayang'ana pamwamba pa chitseko. Anaima chilili. Pamenepo panali a Amon. Chipumi chake chomwecho. Khutu lopindika lomwelo.

A Eunice anatula dengu. Anagwada pansi, monga mkazi amagwadira mwamuna wochokera kuulendo. Anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwabwera, a Amon? Mwayenda bwanji?"

Kuseka kunatha.

A Longwe anachotsa dzanja pa nsomba ija.

Madzulo a Longwe anabwera kunyumba. Anakhala pampando wa ng'ona. Anavula chipewa.

"A Manda, chitseko chija n'chokongola," anatero. "Koma sitingachilandire. Lamulo la Mulungu likukana fano losema. Lero wagwada mmodzi. Mawa agwada ambiri."

"Anagwadira mwamuna wake," anatero a Florence.

"Anagwadira mtengo, Ama. Tonse taona."

A Jonas anayang'ana pansi.

"Nsomba zikhale," anatero a Longwe. "Khoka likhale. Anthu achoke. Palani nkhope zonse. Mukapala, tikoka bwato. Mukapanda kupala, amuna a mpingo sagwira chingwe."

Alice anamva ali kuseri kwa thandala.

Chitseko chinabwerera patsinde pa mango. Anachigoneka pansi.

M'mawa a Jonas sanatenge tchizulo. Anatenga kasemasema. Anamunola pamwala nthawi yaitali.

Anayambiranso pamwamba.

Phwa. Sutikesi inachoka. Phwa. Mutu unachoka. Phwa. Manja anachoka.

A Eunice ankadutsa panjira ndi nkhuni. Anaima. Anaona chibenthu chikugwa m'fumbi.

"Apitanso," anatero.

Sanalire. Anakonza nkhata pamutu n'kumapita.

Phwa, phwa, phwa. Amuna a ku Joni anatha. Phwa, phwa, phwa. Asodzi anatha. Khoka linatsala lopanda wolikoka.

"Alice, tola zibenthu," anatero a Jonas. Mawu awo anali ouma.

Alice anawerama. Chibenthu china chinali ndi diso. China chinali ndi zala. Anazitola n'kuziika m'dengu.

Kasemasema ankatsika. Anafika pa amayi osinja. Pansi pa amayiwo panali kamtsikana kaja.

Alice anaika dengu pansi. Anamasula Jobe. Anamukhazika pamchenga. Kenako anagona pa chitseko chafufumimba.

A Jonas anaimitsa dzanja m'mwamba.

"Choka, mwana wanga."

"Sindichoka, Ada."

"Ndikutema mwangozi."

"Sindichoka."

"Popanda bwato tidya chiyani? Tandiuza."

Alice anaganiza.

"Sindikudziwa, Ada. Koma munati mtengo wanditulutsa. Musandibwezeremo."

A Jonas anakhala pansi. Anaika kasemasema pamiyendo. Jobe anayamba kulira.

A Florence anatulukira kuseri kwa nyumba. Manja awo anali mbuu ndi ufa.

"Mwana akulira, inu awiri mukusewera?" anatero. "Alice, dzuka apo."

Alice anatseka maso. Anagwira chitseko zolimba.

A Florence anawerama kuti amukoke. Ndipo anaona. Pafupi ndi phewa la Alice panali mayi wogwira musi. Msana wake unali wopindika. Manja ake anali aakulu kuposa a onse.

Miyezi yonseyi a Florence anali asanayang'anitsitse chitsekocho. Nthawi analibe.

"Ameneyu ndani?" anafunsa.

"Ndi inu, Ama," anatero Alice.

"Msana wanga wapindika chonchi?"

"Wapindika, NyaMhone," anatero a Jonas chapansipansi.

A Florence anaweramanso. Anapukuta dzanja pansalu. Anakhudza mayi wa mtengoyo. Ufa unatsalira pamusi wake.

"Ndimayesa simuona," anatero.

Ananyamula Jobe n'kumuika kubere. Anayang'ana pamwamba popalidwa paja. Anayang'ana pansi.

"Mwapala amuna onse. Zakwana."

"Nanga bwato?" anafunsa a Jonas.

"Ndinakuuzani poyamba paja. Simunamve. Lero musandifunse."

Alice anadzutsa mutu.

"Ama, chitseko chathu ndi cha bango. Mbuzi zimalowa. Mwera ukawomba, Jobe amatsokomola. Tiike ichi panyumba pathu."

A Florence anayeza chitseko ndi mkono. Anayeza khomo la nyumba ndi mkono. Anapukusa mutu.

"Chitseko chatalika kuposa nyumba," anatero. "Thamanga, kaitane amalume ako."

Alice anathamanga.

A Maxwell anabwera ndi chingwe chawo. Anayeza uku. Anayeza uko. Anatsonya.

"Alamu, anthu amayamba nyumba, chitseko pambuyo. Inu mwayamba chitseko."

"Mangani, alamu," anatero a Jonas. "Lero ndilibe mawu."

A Maxwell anayang'ana pamwamba popalidwa paja. Nthabwala zinawathera. Anavula malaya n'kuyamba ntchito.

A Jonas anapita kwa a Longwe. Anawauza kuti sapalanso.

"Pepani, a Manda," anatero a Longwe. "Ine sindikukondwa. Koma ndinanena pamaso pa anthu."

"Yewo," anatero a Jonas. Anavala chipewa n'kubwerera.

Ntchito inali yaikulu. Anasasula denga. Anagumula khoma lakumaso. A Maxwell anabweretsa zidutswa za njerwa zotsala. Alice anatunga madzi. Anatunga, anatunga, mpaka khosi linauma. A Florence anaponda matope. A Jonas anadula nsichi zazitali. Jobe anadya dothi.

Banja lonse linkagona m'khitchini. Utsi unkawawa m'maso. Palibe anadandaula mokweza.

Khoma linakwera. Denga linabwerera. Nyumba inaoneka yachilendo. Kumbuyo inali yaifupi. Kumaso inali yaitali ngati tambala wosolola khosi.

"Musauze munthu kuti ndamanga ndine," anatero a Maxwell.

Tsiku loika chitseko linafika. A Maxwell ndi a Jonas anachiimiritsa. Nkhope zinayang'ana kunjira.

"Tembenuzani," anatero a Florence.

"Bwanji, Ama?" anafunsa Alice. "Anthu saona."

"N'chifukwa chake. Wina akagwadanso apa, mlandu ndi wathu. Milandu yatikwana. Nkhope ziyang'ane m'nyumba."

A Jonas anakodola a Maxwell. Anatembenuza chitseko.

Kunja kunaoneka thabwa losalala. Odutsa ankangodutsa.

Tsiku lomwelo mvula yoyamba inagwa. Mphepo inawomba kuchokera kunyanja. Alice anakankha chitseko ndi manja awiri. Chinatsekeka kuti gu.

Mphepo inatsala kunja. Mbuzi zinatsala kunja. Jobe sanatsokomole.

Onse anakhala pamphasa. Anadya kondowole ndi chigwada. Nsomba panalibe.

Alice anagona cham'mbali. Kamtsikana ka mtengo kanali pompo, pafupi ndi mphasa. Kanamuyang'ana. Pamwamba pake panali Ama ndi musi wawo.

"Ada, inu muli pati?" anafunsa Alice.

"Ndinali pa asodzi. Wachitatu kuchokera kumanzere."

"Munadzipala nokha?"

"Ndinadzipala ndekha."

Alice anasendera. Anagwira dzanja la bambo ake. Linali lalikulu. Linali ndi zipsera. Analiika pa chitseko, pafupi ndi kamtsikana kaja.

"Khalani apa," anatero.

A Florence anawonjezera chigwada m'mbale ya a Jonas.

"Idyani ndi dzanja linalo," anatero.

A Jonas anaseka pang'ono. Anadya ndi dzanja linalo.

Chitsekocho sichinabwere chaulere.

Bwato linakhala kuphiri dzinja lonse. Mvula inadzazamo. Chiswe chinamaliza.

A Jonas anakoka khoka la eni chaka chonse. Ankabwera ndi nsomba za m'manja.

Mbuzi ziwiri zinapita kwa anthu amene anathandiza kufolera denga.

Tchalitchi chinalandira chitseko china, chosalala mbali zonse.

A Eunice anapempha a Jonas kuti awasemerenso a Amon, ngakhale pa ndodo. A Jonas anayesa. Nkhopeyo inakana kubwera.

Kuyambira pamenepo a Jonas ankasema nkhafi, mipini ndi zipande. Munthu sanamusemenso.

Pa anthu onse a pa chitseko panatsala amayi asanu, mtsikana mmodzi ndi khanda. Owaona anali a m'nyumbamo okha.